Chaka Chimene a Gidiyoni Adakhala Awiri

Alamu anga a Gidiyoni si munthu woti ungatembenuke kawiri kuti umuonenso. Ndi aafupi, akuda bii, ndipo mano awo awiri akutsogolo adatsala pa mtsetse wa ku Mua tsiku lina njinga itawakana. Akulu adati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo alamu angawo mwambi umenewu adaumvera kuposa malamulo khumi. Ine ndine Damiano, telala wa pa Golomoti, ndipo iwo adakwatira alongo anga aakulu, a Fagness. Choncho nkhaniyi sindidachite kumva kwa munthu. Ndidaiona ndi maso angawa, ngakhale mpaka lero sindidaimvetse.

Kwawo ndi kumapiri, cha ku Bembeke, kwathu kuno adabwera chikamwini. Nyumba adamanga okha koma ili pa malo a akazi awo. Munda amalima okha koma ndi wa akazi awo. Ngakhale mbuzi zikaswana anthu amati mbuzi za a Fagness zaswana. Ana akadabadwa nawonso akadakhala a kwathu, komabe bwenzi anthu akuwaitana mwaulemu kuti bambo ake a uje. Ana sadabwere. Adapita ku chipatala, adapita kwa asing'anga, adangomaliza nkhuku m'khola. Chinthu chokhacho chimene alamu anga adali nacho pa dziko lino chosabwereka kwa munthu lidali dzina lawo, ndipo dzinalo ankalisunga m'nyimbo.

Ntchito yawo idali yokonza njinga pansi pa mlambe, pafupi ndi njanji. Banjo yawo adakhoma okha ndi chigubu cha oyilo, ndipo mawaya ake adali a mabuleki a njinga. Ine ndinkawanena kuti anthu akugwa m'maenje chifukwa mabuleki awo akuimba nyimbo pa Golomoti. Ankangoseka, dzanja lili pakamwa kubisa mpata wa mano.

Oimba banjo a masiku amenewo adali ndi chizolowezi chodzitchula kumapeto kwa nyimbo, kuti womvera adziwe mwini wake. Alamu anga samaiwala zimenezi. Nyimbo yawo yotchuka idali yodandaula sitima imene inkadutsa pa siteshoni osaima, kusiya amayi ndi madengu a masawu pamutu. Ikamatha ankatsitsa mawu n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Woimba ndine, Gidiyoni wa pa Golomoti." Pamenepo amatseka maso ngati munthu amene walandira ukaristia.

Matipate atangobwera, pakamwa pa anthu patatseguka, anthu a wailesi adayamba kuzungulira m'midzi kujambula oimba. Adafika pa Golomoti ndi galimoto yodzaza fumbi, nakhazika makina awo pa mtondo wogadabuza. Alamu anga adaimba nyimbo ya sitima ija, mbuzi ikulira kumbuyo, ndipo mbuziyo idalowa nawo m'makina. Loweruka lina masana tidasonkhana pa golosale ya a Stanislaus, amene adali ndi wailesi yaikulu kuposa onse. Mabatire adali atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asatichititse manyazi. Nyimbo idalira, mbuzi idalira, kenako dziko lonse la Malawi lidamva kuti woimba ndi Gidiyoni wa pa Golomoti. Tsiku limenelo alamu anga adayenda ngati mwini mudzi, ndipo ife eni mudzi tidawalekerera.

Nyimboyo idakhala ikumveka apo ndi apo kwa zaka zingapo, kenako idazilala. Kudabwera mawailesi ena atsopano, kudabweranso kanema. A Stanislaus, amene mphuno yawo imanunkhiza phindu lili kutali, adasandutsa nyumba yawo yosungira chimanga kukhala holo. Adaikamo mabenchi, jenereta ndi kanema, ndipo Loweruka masana achinyamata ankadzaza kukaonera oimba akuvina.

Ndiye kudabwera mnyamata wina wa ku Lilongwe, dzina lake Vincent. Adali wamtali, woyera, mano onse ali m'malo mwake. Adatsika minibasi n'kufunsa kwa a Gidiyoni, ndipo atawapeza akumata chubu adagwada pafumbi ndi buluku lake loyera.

"Bambo, ine nyimbo yanu ya sitima ndidakula nayo," adatero. "Ndikufuna tikaijambulenso bwino mu situdiyo, ndipo ikaonekere pa kanema."

"Pa kanema? Ineyo?"

"Nyimbo yanu, bambo."

Ine ndidalipo, ndipo yankho limenelo ndidalimva bwinobwino, koma sindidaliganizire. Ndidali kale kalikiliki kuyeza alamu anga mapewa, chifukwa munthu sangaonekere pa kanema ndi malaya a girisi. Ndidawasokera shati yobiriwira ya manja aatali, ya matumba awiri.

Adapita ku Lilongwe ndi banjo yawo, nabwerako patapita masiku ochepa ali ndi jekete yatsopano koma nkhope ili yosokonezeka. Adati adawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera, makoma ake atamatidwa ndi mathileyi a mazira. Adawaveka zinthu m'makutu n'kuwauza kuti aimbe. Banjo adati itsale panja chifukwa kuli kiyibodi, chida chimene chimaimba gitala, ng'oma ndi lipenga munthu ali m'modzi.

"Nanga kanemayo adakujambulani?" ndidafunsa.

"Akuti adzandiitana. Shati ija sindidavale n'komwe, ndaisunga."

Tidadikira. Mvula idagwa, idatha, tidakolola. Sadawaitane.

Tsiku lina Loweruka mwana wa a Stanislaus adabwera akuthamanga kudzanena kuti nyimbo ya sitima yalengezedwa kuti ionetsedwa. Tidasiya zonse. Ine ndidasiya diresi la mwini wake lili pa makina, a Fagness adasiya mpunga uli padzuwa nkhuku zikuona. Holo idadzaza, ndipo alamu anga adawakhazika pa benchi ya kutsogolo.

Nyimbo idayamba ndi malipenga amene sitidawadziwe. Kenako adatulukira Vincent, atavala suti yoyera, akuyenda pakati pa njanji, atsikana anayi akuvina kumbuyo kwake. Adatsegula pakamwa, ndipo mudatuluka mawu a alamu anga. Adali mawu awo enieni, ndi kamluzu kaja kamene kamathawira pa mpata wa mano. Ine ndidayang'ana alamu anga, pakamwa pawo pali potseka. Ndidayang'ana kanema, mnyamata wa mano onse akuimba ndi mluzu wa munthu wopanda mano. Mutu wanga udaima.

Tidaganiza kuti mwina eni ake atulukira kumapeto. Kumapeto kudafika, malipenga adatsika, ndipo Vincent adayang'ana ife tonse, nadzigunda pachifuwa. "Woimba ndine, Gidiyoni wa pa Golomoti." Pansi pake padalembedwanso dzina lomwelo ndi zilembo zachikasu.

Woyamba kuyankhula adali mayi Agnes, ogulitsa zitumbuwa, amene adati iwo adamva kale kuti makina a ku Lilongwe amachapa munthu.

"Ndi iwo omwewa awa, angowachapa," adatero. "Taonani makutuwo. A Gidiyoni, mukadzapitanso mudzanditenge, nanenso akandichape."

Theka la holo lidavomera kuti makutu ndi omwewo. Theka lina lidakana. Anthu adatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha makutu a alamu anga, eni ake ali pompo akudzigwira khutu. Potuluka adandikokera pambali.

"Alamu, inu mumandidziwa bwino. Kodi n'kutheka kuti ndi ineyo?"

"Inu mudavalapo suti yoyera?"

"Ayi."

"Mudavinapo ndi atsikana anayi?"

"A Fagness akadandipha."

"Ndiye si inu."

"Koma wanena yekha kuti ndi ine," adatero.

Nyimboyo idagwira moto. Inkalira m'minibasi, m'mabala, pa maukwati, ndipo mawailesi onse atsopano ankaiika m'mawa ndi madzulo. Walira mvula walira matope. Anthu apaulendo opita ku Salima kapena ku Balaka adayamba kutsika pa Golomoti kufunsa kwawo kwa Gidiyoni. Ana ankawaperekeza pa mlambe paja, ndipo alendowo ankayang'ana kamunthu kopanda mano kali ndi pampu m'manja, n'kuseka. "Ayi, ife tikufuna Gidiyoni weniweni, osati agogowa." Ena ankakwiya kuti ana a pa Golomoti ndi achipongwe.

Chimene chidandipweteka ine kwambiri chidachitika pa ukwati wina ku Mtakataka. Alamu anga adapemphedwa kuimba monga kale, ndipo adaimba nyimbo yawo ndi banjo yawo. Atamaliza, mnyamata wina wa kuchimuna adawaombera m'manja n'kunena mokoma mtima kuti, "Madalawa akuyesetsa ndithu, koma sakufika pa mwini wake." Kuchokera tsiku limenelo banjo idapachikidwa kudenga.

Ine mtima wanga ndi waufupi, aliyense pa Golomoti amadziwa. Ndidabwereka foni ya a Stanislaus n'kuimbira wailesi ina pa nthawi imene omvera amapempha nyimbo. Foni idalowa, ndipo ndidamva mawu anga akutuluka m'wailesi.

"Ndine Damiano, ndikuimba kuchokera pa Golomoti. Ndikufuna kunena za Gidiyoni..."

"Aaa, Golomoti! Kwawo kwenikweni kwa Gidiyoni!" adakuwa woulutsa mawu uja. "Anthu akwawo akumunyadira mwana wawo. A Damiano, nyimbo yanu ndi iyi!"

Foni idaduka, nyimbo idalira. Sabata yonse anthu ankandiyamikira kuti ndidapempha bwino.

Alamu anga sankakwiya monga ine. Iwo chidawagwira ndi china. Tsiku lina adabwera pa khonde pamene ndimasokera, nakhala pansi.

"Alamu," adatero kenako, "kwanu kuno ndi kwathu komwe, munthu amalowa dzina la mnzake mwini wake atatani?"

"Atamwalira."

"Ndi zimene ndimadziwa nanenso. Amayamba alira maliro, amete, ndiye akulu akhale pansi asankhe wolowa dzina. Tsono ine wina walowa dzina langa. Maliro anga mudalira liti osandiuza?"

Ndidafuna kuseka koma sindidathe. Adapitiriza kunena kuti iwo sadandaula za suti kapena za atsikana, ngakhale za banjo imene idatsala panja. Adati munthu wopanda mwana akafa amafa kawiri, ndipo iwo ankadzitonthoza kuti nyimbo idzatsala ikuwatchula. Tsopano nyimboyo ikuwatchuladi tsiku lililonse, koma ikatchula anthu amaona munthu wina. Ndidawamvera chisoni kwambiri, moti ndidasoka thumba la shati ya kasitomala mozondotsa.

Chaka chisadathe, pa mitengo ndi pa makoma a magolosale padamatidwa mapepala a chithunzi cha Vincent. Adalembapo kuti Gidiyoni wa pa Golomoti akubwera kwawo, adzaimba mu holo ya a Stanislaus Lamulungu masana, ndipo wailesi ina idzaulutsa zonse pompopompo. Pepala lina adalimata pa mlambe womwewo, pamwamba pa mutu wa alamu anga. Anthu a pamsika ankawafunsa kuti, "A Gidiyoni, tamva kuti mukubwera. Mufika nthawi yanji?"

Ine ndidaona kuti mwayi ndi womwewu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndidawauza alamu anga kuti avale shati yobiriwira ija, atsitse banjo, akakwere pa nsanja ndipo akanene pa maikolofoni, dziko lonse likumva, kuti Gidiyoni ndi iwo. Tidayeserera mawuwo kuseri kwa nyumba, ine ndikuwagwirira chitsononkho pakamwa. Adawaloweza bwino lomwe.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi tidapita atatu, ine, iwo ndi a Fagness. Pakhomo la holo padaima chimunthu cha ku Lilongwe chimene sichinkatidziwa.

"Awa ndi a Gidiyoni," ndidatero.

"Lero aliyense ndi Gidiyoni," chidayankha. "Imani pa mzere."

Adatipulumutsa ndi a Stanislaus, amene adatilowetsa khomo la kumbuyo. Kumeneko, pakati pa mawaya ndi mabokosi, tidakumana maso ndi maso ndi Vincent, ali mu suti yoyera ija. Ine ndidali nditakonza mawu oti ndimutsuke nawo, koma mnyamatayo atangoona alamu anga nkhope yake idagwa, ndipo adagwadanso monga tsiku loyamba lija.

"Bambo, ine sindidafune kuti zifike apa," adatero, mawu akunjenjemera. "Opanga kanema adati nkhope ikhale yanga. Dzina lija lidali kale m'nyimbo, ndipo adati likadulidwa nyimbo ikhala yopanda mchira. Ndinkati ndi kamodzi kokha. Pano palibe amene amandiitana Vincent, ngakhale mayi anga. Ndikaimba ndi mawu anga anthu amati ndadwala chimfine. Ndikanena zoona lero, anthu ali umowa andigenda."

Apa ndiye ndidasokonezeka kwenikweni. Ndidabwera kudzagwira wakuba, ndipo wakubayo ankadandaula kuti naye adaberedwa. Alamu anga adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adatambasula dzanja n'kumukonza kolala imene idapindika. Asadatsegule pakamwa, anthu adabwera kudzamutenga mnyamatayo kuti nthawi yakwana.

Holo idali yodzaza mpaka m'mazenera, kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Adaika chimbale, ndipo Vincent adayamba kuyendetsa milomo. Ife tidaima m'mbali mwa nsanja. Ndidaona milomo ya alamu anga nayonso ikuyenda popanda mawu, moti anthu awiri ankatafuna nyimbo imodzi, pamene woimba weniweni chidali chibokosi chakuda chili pakona. Anthu adavina, fumbi lidakwera. Nyimbo itatha Vincent adakweza dzanja kuti anthu akhale chete, ndipo adaloza kumene tidaima.

"Pali munthu wamkulu pano amene ndikufuna mumuone," adatero.

Kaya ankafuna kuulula, kaya ankangofuna kuwapatsa ulemu kuti nkhani ithere pomwepo, ine sindidziwa, ndipo ndikukayika ngati iye mwini ankadziwa. Ndidawakankha alamu anga, nakwera ndi banjo yawo kumsana. Woulutsa mawu wa pa wailesi, amene ankayendetsa mwambowo, adawathamangira ndi maikolofoni.

"Omvera athu kulikonse kumene muli, pano pakwera bambo wina wa shati yobiriwira. Tiuzeni, bambo, inu ndinu ndani?"

Alamu anga adayang'ana anthu. A pa Golomoti adali chete, akudziwa chimene chikubwera. Alendo a ku Mtakataka ndi ku Salima, amene adali ambiri, ankaseka kale poona mpata wa mano. Kenako alamu anga adayang'ana Vincent, amene thukuta linkatsika m'masaya mpaka pa kolala ija. Ine ndidakuwa kuti, "Nenani, alamu!" Adameza malovu, ndipo kumezako kudamveka m'zokuzira mawu zonse.

"Ine," adatero, "ndine bambo ake a Gidiyoni."

Holo idaphulika. Amayi adaimba nthungululu, anyamata adaliza malikhweru, woulutsa uja adalumpha akukuwa kuti dziko lonse lamva bambo womubereka Gidiyoni. Vincent adabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ngakhale anthu a pa Golomoti, amene ankadziwa bwino kuti m'nyumba ya a Fagness simudalirepo khanda, adaomba nawo m'manja, ndipo mayi Agnes ankauza aliyense kuti iwo adanena kale za makutu. Ndidafunafuna alongo anga m'gulumo. Adaima chilili, manja ali pachifuwa, osaseka, osalira.

Pobwerera kunyumba ndidawakalipira alamu anga njira yonse.

"Tidagwirizana zimenezi? Mwapereka dzina lanu ndi manja awiri, pa wailesi!"

"Mawu aja ndidawakumbukira, alamu," adayankha. "Adafika pakhosi pomwe. Koma nditamuona mwanayo akunjenjemera, adatuluka ena."

"Ndiye mwapindulanji?"

"Ndi zimene ndimati ndikufunseni inuyo. Ndataya kapena ndatola?"

Anthu amene tinkakumana nawo ankavula zipewa n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo ake a Gidiyoni?" Iwo ankayamba acheuka kumbuyo kuona ngati pali wina, kenako n'kuyankha. Ndidaona kuti moniyo akuwakomera, ndipo zidandikwiyitsa kwambiri chifukwa sindidadziwenso woti ndimukwiyire.

A Fagness adatsogola. Titafika tidapeza atagwira kale tambala wamkulu, amene ankamusungira Khirisimasi, ndipo adawapatsa amuna awo mpeni.

"Alongo, tambalayu walakwanji?" ndidafunsa.

"Mwana sangabwere kwawo n'kubwerera ndi njala," adatero, osandiyang'ana.

Ndidati akuseka, koma sadali kuseka. Adasesa bwalo lonse, adatulutsa mbale za alendo, adaphika mpunga wa fungo uja. Adatuma mwana wa oyandikana nawo kuti akauze Gidiyoni kuti mayi ake akumudikira. Mwanayo asadabwerere, ine ndidamva lole ya oimba ikulira pa msewu wa tala, ikulowera cha ku Salima, zokuzira mawu zikugundana kumbuyo. Alamu anga nawonso adaimva, chifukwa adandiyang'ana n'kugwetsa maso pansi. Palibe mwa ife amene adalimba mtima kuwauza a Fagness.

A Fagness adapatula ntchafu zonse ziwiri ndi chiwindi, naziika m'mbale yapayokha n'kuvundikira kuti zisazizire. Adabweretsa madzi osamba m'manja, koma ine nditatambasula manja adabweza beseni.

"Dikirani kaye, achimwene," adatero. "Ayambe wafika mwanayo."